Maola 48 aja asiyeni pa Chileka

Aliyense amene amabwera kwa ine kuti ndimuthandize kukonzekera mayeso a SQE, amene munthu amalemba kuti akhale solicitor (loya) kuno ku England, ndimayamba ndi kumufunsa funso limodzi: apolisi a ku England akagwira munthu, angamusunge nthawi yotalika bwanji asanamutsegulire mlandu? Amene anaphunzira zamalamulo kumudzi sachedwa n'komwe. "Maola 48." Amayankha akumwetulira, ngati ndawafunsa dzina la agogo awo. Yankho limeneli landifika m'khosi.

Maola 48 ndi akwathu. Ali mu gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi, ndipo amanena za nthawi yoti munthu akhale atafikitsidwa kukhoti. Kuno nkhani ili mu Police and Criminal Evidence Act ya 1984, imene tonse timangoti PACE, ndipo nambala yake ndi 24. Ngati mlandu uli m'gulu la milandu yotheka kukazengedwa ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu ya upandu, wapolisi wa udindo wa superintendent angawonjezere mpaka maola 36. Kupitirira pamenepo apolisi sangadzipatse okha, ayenera kukapempha kwa majisitireti, ndipo ngakhale majisitireti sangadutse maola 96 onse pamodzi. Izi n'zosavuta kuloweza. Msampha uli poti mawotchi alipo awiri. Tinene kuti munthu wagwidwa 8:40 usiku, wafika papolisi 9:15, ndipo wapolisi woyang'anira osungidwa waloleza kuti asungidwe 9:30. Maola 24 aja ayamba 9:15, nthawi imene wafika. Koma inspector ayenera kuunika ngati kumusungako kukadali koyenera pasanathe maola 6 kuchokera 9:30, ndiye kuti pofika 3:30 m'bandakucha, kenaka maola 9 alionse. Olemba mayeso amaika nthawi zitatu zonsezo m'funso mwadala, ndipo mayankho onse asanu oti musankhepo amaoneka ngati abale a bere limodzi.

Za mmene mayesowa amakhalira sinditaya nthawi, mukuzidziwa. Anayamba mu 2021, mwini wake ndi Solicitors Regulation Authority (SRA), bungwe loyang'anira ma solicitor, ndipo gawo loyamba lili ndi mapepala awiri, FLK1 ndi FLK2, lililonse mafunso 180. Malamulo a milandu ya upandu ali mu FLK2 pamodzi ndi za malo, za chuma cha masiye, ma trust ndi maakaunti a maloya. Chimene ambiri sawerengera ndi nthawi. Pa mafunso 90, theka la pepala, mumapatsidwa maola awiri ndi mphindi 33, popanda buku lililonse pambali. Funso limodzi silikwana n'komwe mphindi ziwiri. Mulibe mpata wokhala pansi n'kumakumbukira kuti kodi lamulo ili ndi la kuno kapena la kumudzi.

Vuto lathu ife ndi loti malamulo athu ndi a kuno ndi apachibale. Penal Code yathu inabwera ndi atsamunda, milandu yambiri imene tinaloweza kusukulu ndi ya m'makhoti a ku London, ndiye munthu akatsegula buku n'kuona mawu oti theft, burglary, murder, mtima umakhala pansi. Amati izi ndiye zanga, ndidzazionera kumapeto, ndiyambe ndalimbana ndi ma trust. Kumapetoko kumakhala masabata awiri mayeso asanafike. Mbale wako amene unasiyana naye zaka makumi asanu zapitazo sungamugulire nsapato mongokumbukira phazi lake.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandisowetsa mtendere mpaka lero. Kumudzi anali woimira boma pa milandu kwa zaka zambiri, munthu woti anaimapo pamaso pa majaji pa milandu yakupha ine ndisanadziwe n'komwe khomo la khoti. Kuno amagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. FLK1 anakhoza ulendo woyamba, mu 2022. FLK2 inamugwetsa kawiri. Anabwera kunyumba kwanga Loweruka lina masana, maso ali psuu chifukwa cha tulo, atanyamula chikwama chapulasitiki chodzaza ndi manotsi. Titamwa tiyi ndinamupatsa funso ili: mwamuna wabwera kunyumba mosayembekezeka, wapeza mkazi wake ali ndi mwamuna wina kuchipinda, watenga mpeni kukhitchini n'kumubaya mwamunayo mpaka kufa. Sanadikire kuti ndimalize. "Achemwali, imeneyo ndi provocation. Mlandu utsika, ukhala manslaughter. Ndazengapo yotere yambirimbiri." Ndipo sankanama. Anandifotokozera bwino lomwe, mwadongosolo, moti ndikanakhala jaji wa ku Blantyre ndikanangogwedeza mutu.

Koma provocation, yoti munthu wapha chifukwa choputidwa, kuno inathetsedwa. Coroners and Justice Act ya 2009 inaichotsa n'kuikapo chimene amati loss of control, ndipo gawo 55 likunena poyera kuti chigololo cha mnzako wa m'banja, pachokha, khoti lisachiwerengere ngati chifukwa chimene chinamupsetsa mtima munthu. Mu 2012, pa mlandu wa Clinton, Court of Appeal inafewetsako pang'ono, inati chigololocho chingaganiziridwe ngati chili mbali ya nkhani yaikulu imene muli zifukwa zina zovomerezeka. Ndiye funso la mayeso limakhala pamenepo ndendende: kodi m'nkhaniyi muli china kuwonjezera pa chigololocho, monga kuopsezedwa kapena mawu onyoza koopsa, kapena mulibe? Bambo uja anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti mafunso onse otere ndakhala ndikuwaphonya ndili ndi chikhulupiriro chonse." Mawu amenewo ndi amene amandipweteka. Munthu wosadziwa amakayika, amawerenganso funso. Iye sankakayika.

Tinapitiriza. Burglary anati ndi kuthyola nyumba usiku, masana ndi housebreaking. Kumudzi inde. Kuno, chiyambire Theft Act ya 1968, za usiku ndi masana kulibe, ngakhale kuthyola kumene sikufunika. Chofunika n'choti munthu walowa m'nyumba kapena mbali ya nyumba mopanda chilolezo. Ndipo gawo 9 lili ndi nthambi ziwiri zimene oyesa amazikonda kwambiri. Yoyamba imayang'ana zimene munthu anali nazo mumtima pa nthawi yolowa: kuba, kuvulaza munthu koopsa, kapena kuwononga katundu. Yachiwiri imayang'ana zimene wachita atalowa kale, ndipo m'menemo muli kuba ndi kuvulaza koopsa basi, kuwononga katundu mulibe. Munthu wolowa m'nyumba ya eni kuti abisale mvula, kenaka n'kuswa galasi chifukwa cha ukali, sanapalamule burglary. Akatola foni patebulo, wapalamula.

Kenaka ndinatsegula chikwama chija, ndipo apa ndiye ndikufuna mundimvetsere, chifukwa ena mwa inu muli ndi manotsi omwewa m'mafoni mwanu. Anawagula kwa munthu wina pa WhatsApp amene amadzitcha mphunzitsi wa SQE. Pa tsamba la kusakhulupirika pa milandu yakuba panali mlandu wa Ghosh wa 1982, wolembedwa ngati lamulo lamoyo. Ghosh anagwetsedwa ndi Supreme Court mu 2017 pa mlandu wa Ivey v Genting Casinos, ndipo Court of Appeal inakhomerera msomali mu 2020 pa mlandu wa Barton and Booth. Lero khoti limayamba lafufuza zimene wozengedwa mlandu ankadziwa kapena kukhulupirira, kenaka limafunsa ngati anthu wamba oongoka angati zimene anachitazo ndi kusakhulupirika. Zoti iye mwini ankazindikira kuti anthu angazione choncho sizifunsidwanso. Pa tsamba la opalamula mlandu pagulu panalibe Jogee, chigamulo cha 2016 chimene chinati kungoganizira kuti mnzako angaphe si kokwanira, ndi umboni chabe wothandiza kuona ngati unali ndi cholinga chomuthandiza kapena kumulimbikitsa. Manotsiwo anali a kosi yakale ya munthu wina, angowasintha chikuto.

Anthu ogulitsa zoterewa ali ngati asing'anga a pamsika amene botolo limodzi limachiza mutu, msana ndi banja lomwe. Ena afika pomalonjeza "mafunso enieni" amene akuti anatuluka m'mayeso apitawa. Musayerekeze. Wolemba mayesowa aliyense amalonjeza kusunga chinsinsi cha mafunso, ndipo musanalembedwe m'kaundula wa ma solicitor, SRA imaunika khalidwe lanu. Mukufuna kuyamba ntchito ya uloya ndi mbiri yogula mafunso obedwa? Mafunso achitsanzo ovomerezeka alipo aulere pa tsamba la intaneti la mayesowa, pamodzi ndi mndandanda wa mitu yonse imene imafunsidwa. Malamulo enieniwo alinso aulere pa intaneti. Ngati ndalama ya kosi palibe, gulani buku limodzi la chaka chomwecho, osati la msuweni wanu amene analemba zaka zitatu zapitazo.

Mukafuna umboni woti buku la dzana ndi poizoni, onani mphamvu za majisitireti. Pa mlandu umodzi wa gulu lotheka kuzengedwa kukhoti la majisitireti kapena ku Crown Court, chilango chachikulu chimene akanapereka chinali miyezi 6. Mu May 2022 anakweza kufika miyezi 12. Mu March 2023 anabwezanso pa 6. Mu November 2024 anakwezanso kufika 12. Kusintha katatu m'zaka zosakwana zitatu, ndipo nambala imeneyi ndi imene majisitireti amayang'ana poganiza zosunga mlandu kapena kuutumiza ku Crown Court. Mayeso amafunsa lamulo mmene linalili miyezi inayi tsiku loyamba la mayeso lisanafike. Dziwani tsiku limenelo, lilembeni pakhoma, ndipo nambala iliyonse muitsimikize nokha.

Chimodzi china chimene sindingachisiye, chifukwa ichi chimapweteka anthu enieni, osati pa mayeso pokha. Kumudzi timauza kasitomala kuti khalani chete, mukalankhula kukhoti. Kuno ufulu wokhala chete ulipo, koma uli ndi mtengo wake. Criminal Justice and Public Order Act ya 1994, gawo 34, imalola khoti kukayikira munthu amene sanatchule kupolisi mfundo imene akudzaidalira pozengedwa mlandu, ngati inali mfundo yoti akanayenera kuitchula. Kunena kuti "loya wanga ndiye anandiuza kuti ndisayankhe" sikutseka khomo limeneli pakokha. N'zoona kuti khoti silingapeze munthu wolakwa chifukwa cha kukhala chete kokha, ndiponso kukayikirako sikuloledwa ngati sanapatsidwe mpata wokumana ndi loya. Koma pakati pa kuyankha mafunso onse ndi kukhala duu pali njira yachitatu, yolemba chikalata chachidule chofotokoza mbali yake n'kuchiwerenga, kenaka osayankhanso kanthu. Kusankha pa njira zitatuzi ndiyo ntchito yanga ndikaitanidwa kupolisi 2 koloko usiku, nditakhala m'kachipinda kozizira ndi munthu amene akunjenjemera, apolisi atangondionetsa theka la umboni wawo. Mayeso amakuikani m'kachipinda komweko. Safuna mbiri ya lamulo, ndipo kawirikawiri safuna n'komwe dzina la mlandu. Amafuna kudziwa kuti munthuyu mumulangiza chiyani.

N'chimodzimodzi ndi kasitomala amene wakuuzani kuti anachitadi koma akufuna kukana mlandu. Ambiri amathamangira yankho loti loya achoke. Ayi. Mungapitirize kumuimira n'kusiya boma litsimikize mlandu wake, bola musauze khoti kuti sanachite, ndipo musamulole kupereka umboni umene mukudziwa kuti ndi wabodza. Mumuuzenso kuti akavomera pa mpata woyamba chilango chimatsika ndi gawo limodzi mwa atatu, akachedwa chimatsika ndi limodzi mwa anayi, ndipo akadikira mpaka tsiku loyamba lozenga mlandu chimangotsika ndi limodzi mwa khumi.

Ndiye yambani gawo la milandu ya upanduli msanga, osati kumapeto. Tengani kope, mugawe tsamba pakati, uku mulembe za kumudzi, uku za kuno, ndipo paliponse pamene mtima wanu wati "ichi ndikuchidziwa" ndi pamene muyenera kutsegula lamulo lenilenilo. Mipata yolemba ilipo itatu yokha, m'zaka 6 kuchokera tsiku limene munalemba koyamba. Mukagwa katatu mumadikira zakazo zithe, ndipo zimene munakhoza zija zimapita ndi madzi.

Bambo uja watsala ndi mpata umodzi. Chikwama chake chija ndinamulanda, chili pansi pa masitepe kunyumba kwanga. Tinawerenga limodzi miyezi itatu, ndipo pa mafunso oyeserera anayamba kukhoza bwino kuposa achinyamata ongotuluka kumene kuyunivesite. Koma kulembetsa sakulembetsa. Mayeso a January akayandikira amati adikire a July, a July akayandikira amati ntchito yachuluka. Ndikamuimbira amaseka, amati, "Ulendo uno ndikufuna ndikalowe nditakonzeka zenizeni, achemwali." Zaka zake 6 zikutha mu 2028.