Mlatho wa Bunny Man: palibe anaphedwapo

Mlatho wa njanji ukakalamba, nthano za mizukwa sizichedwa kuumatirira. Ku Clifton, ku Virginia m'dziko la America, kuli Colchester Overpass, mlatho wa konkire womwe pansi pake pamadutsa kamsewu kopapatiza, ndipo anthu amautchula kuti mlatho wa Bunny Man, kutanthauza munthu wovala ngati kalulu. Amati mu 1904 wamisala wina anathawa kuchipatala cha m'derali n'kumapachika anthu pamenepo.

Ndi bodza. Brian Conley, yemwe ankasunga zolembedwa zakale ku Fairfax County, boma lomwe kuli mlathowo, anapeza kuti kuderako sikunakhaleko chipatala cha amisala. Mlathowo anaumanga cha m'ma 1906, nkhaniyo akuti itachitika kale!

Chenicheni n'chakuti mu Okutobala 1970, ku Burke, tauni ya m'boma lomwelo, munthu wovala ngati kalulu anagenda galimoto ndi kankhwangwa. Palibe anafa. Ndipo mlathowo si bwinja ayi, sitima zikudutsabe pamwamba pake.