Wagundidwa koma wadzuka? Musapite naye kunyumba

Uthenga uno ndi wa akabaza, madalaivala a minibasi ndi Sienta, makolo, mafumu komanso atsogoleri a m'mizikiti ndi m'matchalitchi m'boma lino la Mangochi. Ife azaumoyo tikudandaula ndi anthu ovulala pangozi zapamsewu amene akutipeza mochedwa, ena atagona kaye kunyumba usiku wonse.

Zoyambitsa ngozi mukuzidziwa kale: mowa, kuyankha foni uku ukuyendetsa, matayala otha, kukwera anayi panjinga yamoto imodzi, ndipo chachikulu ndi liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse, ikafika pa 80 imadutsa mamita 22. Mwana akatulukira kuseri kwa benchi ya usipa pa Makawa, phazi lisanafike n'komwe pa buleki galimoto yadya kale mtunda wonsewo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65 m'malo mwa 50, chiopsezo choti afe chimakwera koposa kanayi. Likutinso ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Chikwangwani cha liwiro polowa pamalo a malonda, kaya ndi pamsewu wa M3 wochokera ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay, chinaikidwa chifukwa cha mwana ameneyo.

Koma nkhani yanga ili pa zimene zimachitika ngozi ikachitika kale. Munthu wagwa panjinga, wamenyetsa mutu pa tala, wakomoka pang'ono, kenako wadzuka n'kumadzisasa fumbi. Anthu aunjikana. Wina akuti, "Magazi sakutuluka, ali bwino ameneyu." Wakabaza alibe laisensi, njinga ilibe nambala, akuopa kuti nkhani ikafika kuchipatala ifikanso kupolisi. Ndiye amanong'onezana: "Tingomvana pompano, achimwene." Ndalama ya panado yaperekedwa, aliyense wabalalika.

Chonde, abale anga, magazi oopsa kwambiri ndi amene simukuwaona. Mtsempha ukaduka m'kati mwa chigaza, magazi amadzadza pang'onopang'ono n'kumapanikiza ubongo. Munthu amatha kuyenda, kuseka, ngakhale kudya nsima, kwa maola angapo. Kenako amayamba kusinza. Ndinalandirapo mnyamata wina amene mayi ake ankangobwereza kuti, "Komatu anabwera yekha kunyumba, anangoti mutu ukundiwawa, ndikagone." M'mawa anamugwedeza osadzuka. Pamutu pake panalibe bala, kachotupa kokha pamwamba pa khutu.

M'mimba n'chimodzimodzi. Kuno kunyanja ambiri malungo anatigwira kambirimbiri, ndipo ena kapamba wawo ndi wotupa. Kapamba wotere sachedwa kuphulika akamenyedwa ndi handulo ya njinga, ndipo magazi amatayikira m'kati khungu lili losalala.

Aliyense amene wamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kapena sakukumbukira zimene zachitika, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mwafika naye kale kunyumba, thamangani naye nthawi yomweyo mukaona akusanza mobwerezabwereza, mutu ukuwawa moonjezereka, akusinza kapena akuvuta kudzutsa, akuyankhula zosokonekera, akugwa ngati wakhunyu, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi. Mimba ikamawawa n'kuuma, akamatuluka thukuta lozizira ndi kuchita chizungulire poimirira, musadikire kuti kuche. Mwana wamng'ono akamangolira osatonthola kapena kukana bere atagwa, ndi nkhani yomweyo.

Ena amati kuchipatala sangakuthandize popanda kalata ya kupolisi, ndiye amayamba kuzungulira ndi wovulala. Yambirani kuchipatala. Kalata ija ndi ya mlandu ndi inshuwalansi, wachibale atha kukaitenga wodwala ali kale m'manja mwathu. Pachipatala cha boma simulipira. Kumbukiraninso mtunda: wovulala kwambiri m'mutu angafunike kutumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa maola angapo. Ngati akuchokera ku Makanjira kapena kutsika mapiri a Namwera, maola ena apita kale asanaoloke mlatho wa Bakili Muluzi. Usiku umene wagona kunyumba uja ndi umene tikanagwiritsa ntchito.

Pamalo a ngozi musamukoke mikono kapena kumukhazika tsonga. Mmodzi agwire mutu kuti khosi lisagwedezeke, ena mumunyamule ali chigonere pa thabwa kapena chitseko. Musamumwetse madzi, musamuthire madzi kumaso kuti atsitsimuke. Bala lotuluka magazi likanikizeni ndi nsalu yoyera. Akasanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi agonere m'mbali. Ndipo musamenye dalaivala. Mkwiyo wa gulu ndi umene umachititsa ambiri kuthawa, pomwe galimoto yakeyo ikanatha kunyamula wovulala.

Kwa inu akabaza, kuphunzirira njinga pa bwalo la mpira masiku atatu si kudziwa msewu. Laisensi yochokera ku Road Traffic imafuna kuti mudziwe zikwangwani ndi malamulo, ndipo mukakhala nayo simudzakhalanso ndi chifukwa chobisa wovulala. Helemeti ikhale pamutu, yomangidwa lamba pachibwano, osati yopachika pa handulo mpaka muone apolisi. Ndikudziwa kuti Mangochi imatentha, koma WHO ikuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Wokwera naye akufunika yake. Madalaivala, chizolowezi chothwanitsirana magetsi kuti kutsogolo kuli kamera ya apolisi chimangopulumutsa chindapusa, mukadutsa pamenepo mumapondanso moto pakati pa anthu. Okwera, dalaivala akamathamanga muuzeni, musangoti ndi mmene amayendera.

Mafumu ndi apampando a masiteji a kabaza, gwirizanani lamulo limodzi: wagwa n'kumenyetsa mutu saloledwa kupita kwawo asanaonedwe ndi achipatala, kaya mwamvana za ndalama kaya ayi. Mukafika naye, tiuzeni nthawi imene ngozi yachitika, ngati anakomoka, wasanza kangati, ndiponso ngati anamwa mowa kapena mankhwala aliwonse. Tikamuona n'kumubweza kunyumba, pakhale munthu wamkulu womuyang'anira kwa tsiku lathunthu, usiku womwe, ndipo chizindikiro chimodzi chokha mwa zija chikaoneka, bwererani naye.