Chakuwengani, chakukanani, kapena ndi madzi amene munamwa?

"Adokotala, chakudya cha ku Tete chandikana." Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse kuchipatala kumene ndimagwira ntchito kuno ku Angónia. Amanena ndi madalaivala a malole, amayi otsika ndi mbatatesi ndi tomato kukagulitsa ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, komanso anyamata ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize amene abwera kudzapuma. Mawuwo ndi amodzimodzi, koma ndikayamba kufunsa ndimapeza kuti pansi pake pabisala mavuto atatu osiyana. Lina limatha ndi madzi a mchere ndi shuga, lina limangofuna kuti munthu adziwe malire a mimba yake, pomwe lina lingathe kupha munthu chapa (minibasi) isanafike pa siteji yotsatira.

Ambiri mwa iwo chakudya sichinawakane ayi. Anameza tizilombo totsegula m'mimba. Kuchokera ku Ulónguè, likulu la Angónia, kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo munthu amachoka kozizira n'kutsikira m'chigwa cha Zambezi kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Pakutentha kotere mpunga wophikidwa m'mawa n'kumangokhala mumphika mpaka madzulo umakhala wasanduka munda wa mabakiteriya, ngakhale usanayambe kununkha. Ndimafunsa odwala anga kuti anadya chiyani, ndipo iwo amathamangira kuneneza kanyenya wa mbuzi. Kawirikawiri mbuziyo ilibe mlandu, chifukwa inachoka pamoto ikutentha. Olakwa amakhala saladi wa kabichi ndi tomato amene anaikidwa pambali pake, madzi oundana a m'timapulasitiki amene munayamwa padzuwa, kapena beseni limodzi limene anthu khumi anasambamo m'manja inu musanafike.

Kutsegula m'mimba kotere kumasiya kokha pakapita masiku atatu mpaka asanu. Chimene chimagwetsa munthu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Apa madalaivala ndili nanu mawu. Ambiri mumasiya dala kumwa madzi kuti musamaime pafupipafupi, makamaka mukakhala pamzere wa malole pachipata cha m'malire cha Zóbuè kapena Cuchamano. Thukuta likutuluka, kumbuyo nako kukutuluka, ndipo palibe chikulowa. Mkodzo ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, kapena mwatha tsiku lonse osakodza, dziwani kuti impso zili pamavuto. Paketi ya SRO (mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi), imene anzathu a ku Malawi amaitcha Thanzi, musungunule mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono, ndipo otsala muwataye pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, thirani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mcherewo usapitirire pamenepo. Madzi okayikitsa muwawiritse kapena muthiremo Certeza, mankhwala oyeretsera madzi, monga alembera pabotolo, n'kudikira mphindi 30.

Pali chizolowezi china chimene chimandiwawa mtima: kugula metronidazole kapena makapisozi pamsika, kumwa awiri, n'kusiya m'mimba mukangoti zii. Kutsegula kwambiri kwa paulendo sikufuna mankhwala amenewa n'komwe. Loperamide, mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba, amangotseka chitseko, sapha kachilombo. Angakuthandizeni kuti mufike kumene mukupita, koma musamugwire ngati mukuona magazi m'chimbudzi kapena thupi latentha. Kamwazi, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga chotuluka mosalekeza, n'za kuchipatala tsiku lomwelo. Kolera tinaiona m'chigawo chino mu 2023, ndipo imatha kuumitsa munthu wamkulu m'maola ochepa. Thupi likatentha, kayezetseni malungo ngakhale mukuganiza kuti ndi chakudya. Malungo amabweranso ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo amayamba patatha sabata imodzi kapena kuposerapo udzudzu utakulumani. Munthu amakhala wabwerera kale kumapiri, wayiwala zoti anagona pansi pa lole m'mbali mwa Zambezi popanda neti.

Vuto lachiwiri ndi limene tinganenedi kuti chakudya chakukanani. Chitsanzo chodziwika ndi mkaka. Mumkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo kuti agayike matumbo amafunika kutulutsa chogayira chake, lactase. Tonse timakhala nacho tili makanda, koma kwa anthu ambiri a kuno kwathu chimachepa tikamakula. Kumudzi munthu sadziwa, chifukwa tiyi wake ndi wa shuga yekha. Akayamba ntchito kumene amapatsidwa tiyi wa mkaka m'mawa uliwonse, pakangopita theka la ola kapena maola awiri mimba yayamba kulira, yafufuma, mpweya uli mbwee, kenako chimbudzi chamadzi. Mnyamata wina anamwa mankhwala a njoka za m'mimba katatu konse asanabwere kwa ine. Ndinangomuuza kuti asiye mkaka kwa masabata awiri, kenako amwenso kapu imodzi tsiku limene sali pantchito. Anabwera akuseka, yankho analipeza yekha. Vutoli silipha, limangochititsa manyazi mukakhala mu chapa yodzaza. Ambiri amatha kumwa mkaka wochepa pamodzi ndi chakudya, ndipo chambiko ndi yogati amazilandira bwino kuposa mkaka wamba.

Tsono pali kuwenga, ndipo apa ndipempha kuti muwerenge mofatsa. Makolo athu anali nawo kale mawuwa: "nyama ya nkhumba imandiwenga", "ndatuluka ziwengo". Chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi amaona chakudya chabwinobwino ngati mdani, n'kuchithira nkhondo. Kuchuluka kwa chimene mwadya kulibe ntchito. Kachidutswa kokha n'kokwanira. Zimene zimawenga anthu kawirikawiri ndi mtedza, mazira, nsomba, nkhanu ndi kamarau (tizamoyo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu). Palinso mbola ya njuchi, ndi mankhwala ena monga penicillin ndi cotrimoxazole. Kunyumba mayi a kunyumba amadziwa kuti abambo sadya nsinjiro. Paulendo palibe akukudziwani. Matapa amene mungapatsidwe ku Tete kapena ku Beira ndi chigwada chophikidwa ndi mtedza, nthawi zambiri ndi kokonati, ndipo ena amathiramo kamarau kapena nkhanu zimene simungazione ndi maso zikasakanikirana ndi masamba.

Dalaivala wina anabwera naye anzake atamunyamula, milomo itatupa, maso atatsala pang'ono kutsekeka, mawu akutuluka mosasa. Ndinafunsa womuthandiza wake kuti, "Achimwene, adya chiyani abambowa?" Iye anati, "Ndiwo zamasamba basi, adokotala." Zinali zotendera. Mwiniwakeyo ankadziwa kuyambira ali mwana kuti mtedza umamuyabwitsa pakhosi, koma anachita manyazi kufunsa mayi wogulitsa. Tinamubaya adrenaline pantchafu, ndipo patapita mphindi zochepa mpweya unayamba kulowa.

Ziwengo zapakhungu zokha, zoyabwa koma munthu akupuma bwino, zimatsika ndi chlorpheniramine, amene ambiri amamudziwa kuti Piriton. Koma mankhwalawa amagonetsa. Mukamwa musagwire chiwongolero kapena makina a kumgodi, ndipo chenjezo lomweli likhudzanso mapiritsi ambiri oletsa nseru ya m'galimoto. Zikafika potupa milomo kapena lilime, kubanika, kusasa mawu, chizungulire kapena kukomoka, Piriton sangathandize. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, ndipo zizindikiro zimenezi zimayamba pakangopita mphindi zochepa mpaka maola awiri munthu atadya. Musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka, makala kapena madzi a mchere kuti asanze. Mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba, koma ngati akubanika akhale tsonga, ndipo musamuyendetse wapansi. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, osati chimene mumachikonda. Akapeza bwino asathamangire kunyamuka, chifukwa nthawi zina vutoli limabwereranso patapita maola angapo.

Amene mukudziwa chimene chimakuwengani, uzani amene mumayenda nawo ndi kapitawo wanu. Lembani pakapepala m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, mukaike pamodzi ndi chitupa chanu. Mtedza ndi amendoim, nkhanu ndi caranguejo, mkaka ndi leite, dzira ndi ovo. Pofunsa wogulitsa musangoti "muli mtedza?", chifukwa ena akathira nsinjiro saziwerengera ngati mtedza. Funsani kuti, "Mayi, mwatendera?" Mufunsenso ngati chipande chimene akuomolera ndiwo zanu chalowa mumphika wina.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, tengani opitirira masiku a ulendo wanu, chifukwa lole ikhoza kugona pachipata masiku amene simunawerengere. Musawasiye pagalasi lakutsogolo pamene dzuwa la ku Tete limawomba tsiku lonse. Akulungeni m'kansalu, muwaike m'chikwama pansi pa mpando, pamodzi ndi mapaketi awiri kapena atatu a SRO ndi kasopo.