Mizere ikasowa polumikiza mafayilo, yambani mwafufuza mafayilowo

Tinene kuti muli ndi mafayilo atatu a mayina a alimi, iliyonse ya mizere 200, ndipo mwalemba kapulogalamu koti kawalumikize n'kuwalowetsa mu database, pulogalamu yosungiramo zinthu mwadongosolo. Powerenga mukupeza mizere 598 m'malo mwa 600. Ambiri amathamangira kusintha kapulogalamuko. Ine ndimati dikirani kaye, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala m'mafayilomo, m'zizindikiro zosaoneka ndi maso.

Kompyuta imadziwa kuti mzere watha ikakumana ndi chizindikiro chobisika chotchedwa LF. Fayilo ikatha popanda chizindikirochi, mzere wake womaliza umamatirira ku mzere woyamba wa fayilo yotsatira, alimi awiri n'kusanduka mmodzi. Mafayilo atatu amalumikizana pa malo awiri, ndiye mizere iwiri yasowa ija. Mankhwala ake ndi osavuta: kapulogalamu kaziwerenga fayilo iliyonse payokha, mzere ndi mzere, n'kumaika kokha LF pamapeto.

Palinso china chovutirapo. Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, pomwe Linux, pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta, imagwiritsa ntchito LF yekha. CR akatsalira, "Dedza" wa m'fayilo imodzi safanananso ndi "Dedza" wa m'fayilo ina, ngakhale inu mukuona mawu amodzimodzi. Database imawatenga ngati maboma awiri. Pa Linux, lamulo la cat -A limaonetsa CR ngati ^M, ndipo lamulo la dos2unix limamuchotsa.

Ife olemba Chichewa tili ndi msampha wathuwathu, umene ndimafuna aliyense ataudziwa msanga. Mu SQL, chilankhulo cholamulira database, mawu amatsekeredwa ndi chizindikiro chomwe chija timaika mu ng'ombe ndi m'mudzi. Kapulogalamu kakangomata mawuwa mu lamulo la INSERT, lolowetsera zinthu mu database, database imaganiza kuti mawu athera pa "ng", n'kukana mzere wonse. Musachichotse chizindikirocho, mungaononge mayina a anthu. Gwiritsani ntchito parameterized query, njira imene imatumiza lamulo padera, mawu padera. Imatsekanso khomo limene akuba amalowera posokoneza ma database.

Mukaona Malaŵi atasanduka MalaÅµi, dziwani kuti fayilo ya UTF-8 yawerengedwa ngati ya Windows-1252; izi ndi njira ziwiri zosiyana zosungira zilembo mu kompyuta. Uzani kapulogalamu momveka bwino kuti katsegule ndi UTF-8.

Pofufuza, musayese ndi mizere yonse 600. Dulani mizere itatu yoyamba ndi itatu yomaliza ya fayilo iliyonse, muyendetse kapulogalamu, kenako muwerenge ngati yatuluka 18.