Galu wovala lamba akafika pakhomo la sitolo

Mlonda wa pasitolo amauzidwa zinthu zitatu tsiku loyamba ntchito: zikwama zazikulu zizitsala pakhomo, lisiti lizionetsedwa potuluka, ziweto zisalowe. Ndiye tiyerekeze kuti masana ena, pasitolo ina yaikulu ku Old Town kapena ku Area 47 mu Lilongwe, patulukira mayi wosaona. Dzanja lawo lamanzere lagwira chogwirira cholimba chomangidwa pamsana pa galu wamkulu wachikasu. Mlonda waima pakati pa khomo. "Pepani mayi, galuyu atsale panja pano, ndikusungirani." M'maganizo mwake wachita ulemu. Koma zimene wanenazo sizikusiyana ndi kuuza munthu kuti asiye ndodo yake yoyera pakhomo, alowe chopapasa.

Mlondayo sitingamudzudzule kwambiri. Kwathu kuno galu timamudziwa kuti ndi wouwa usiku, wopita ku uzimba, wodya mkute kuseri kwa nyumba. Agalu othandiza anthu aulumali saonekaoneka m'Malawi, ndipo ochepa amene mungakumane nawo mu Lilongwe nthawi zambiri amabwera ndi eni ake kuchokera kunja. Anthu amaopanso chiwewe, ndipo mantha amenewa ndi omveka, chifukwa zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka wodwala sapulumuka. Komabe galu amene tikunenayu ndi wina.

Sukulu yoyamba yophunzitsa agalu otsogolera inatsegulidwa ku Oldenburg m'dziko la Germany mu 1916, pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu kunkhondo. Kufupi ndi ife kuno kuli South African Guide-Dogs Association ya ku Johannesburg, yomwe inayamba mu 1953. Agalu ambiri amakhala a mtundu wa Labrador kapena Golden Retriever, chifukwa ndi ofatsa ndipo sachedwa kugwira zimene akuphunzitsidwa. Mwanagalu amaleredwa pabanja kwa chaka chimodzi kapena kupitirirapo, akuzolowera phokoso, magalimoto, ana ndi fungo la chakudya. Kenako amakhala miyezi ingapo kusukulu, ndipo akamaliza amaphunziranso pamodzi ndi munthu amene adzamutsogolere. Amayamba ntchito ali ndi zaka pafupifupi 2, n'kupuma akamayandikira zaka 10. Amene waonetsa ukali kapena mantha amachotsedwa maphunziro ali mkati.

Ambiri amaganiza kuti galuyo ndiye amadziwa njira. Ayi. Njira ili m'mutu mwa mwini wake, amene amalamula kuti kumanzere, kumanja, tiye. Ntchito ya galu ndi kuima pamene pali sitepe, kulambalala ngalande yosavundikira, kupewa nthambi kapena denga la benchi ya ogulitsa malonda limene lingamenye munthu pamphumi. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti amaphunzitsidwanso kukana. Mwini akati tiwoloke pamene minibasi ikubwera, galu sasuntha. Zonsezi munthu amazimva kudzera m'chogwirira chija: galu akapatuka pang'ono kapena akachepetsa liwiro, dzanja limadziwa nthawi yomweyo.

Palinso agalu ena amene eni ake amaona bwinobwino. Wina amagunda mwini wake wosamva alamu ikalira. Wina amatola zinthu zimene zagwa kwa munthu woyenda pa njinga ya aulumali. Ena amathandiza munthu wa khunyu akagwa, kapena kuchenjeza wodwala matenda a shuga pamene shuga watsika kwambiri m'thupi mwake. Choncho mawu akuti "koma inuyo mukuoneka abwinobwino" si chifukwa chobwezera munthu.

Nanga malamulo? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo 9 limanena zoti malo otumikira anthu onse, ngakhale a eni ake a bizinesi, azifikirika. Tinali ndi lamulo la aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2024, ndipo ndi pomwe bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA linasintha dzina kukhala MACODA. Mfundo yake ndi yosavuta: ngati munthu sangayende popanda galuyo, kubweza galu ndi kubweza munthu. Chikwangwani chija chonena kuti eni sitolo ali ndi ufulu wosankha wolowa chimathandiza pothamangitsa woledzera amene akusokoneza, koma sichiposa malamulo aakulu a dziko.

Mayiko ena analemba ndondomeko yake mwatsatanetsatane. Malamulo awo sagwira ntchito kuno, koma mwini sitolo wanzeru angatengepo poyambira. Ku America, pansi pa lamulo la ufulu wa aulumali la 1990, lotchedwa ADA, wantchito amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha ngati sizikuonekeratu: kodi galuyu akufunika chifukwa cha ulumali, nanga anaphunzitsidwa ntchito yanji? Saloledwa kufunsa matenda a munthuyo, kuitanitsa zikalata kapena kuuza galu kuti aonetse luso lake. Ku South Africa, malamulo a ukhondo wa malo ogulitsa zakudya a 2018 amaletsa nyama, koma amapatula galu wotsogolera kapena wothandiza, amene amaloledwa m'mbali yogulitsira ndi yodyera.

Apa ndi pamene nkhani ya ukhondo, yomwe mamanijala ambiri amabisalamo, imathera. Galu amayenda pansi pamene nsapato za makasitomala onse zikuponda, zina zochokera m'matope a kumsika. Amafika pamene kasitomala aliyense amafika: pakati pa mashelefu, kutsogolo kwa galasi la butchala, polipirira. Kuseri kumene amadulira nyama kapena kuphikira buledi salowako, monganso kasitomala salowako. Sakwezedwa m'kangolo kogulira katundu, ndipo sanunkhiza zakudya. Muyang'aneni mwini wake akaima kusankha sopo: galuyo amakhala pansi kapena kugona pafupi ndi mapazi, mphuno ili kumbali, ngakhale soseji ili pafupi.

Sitolo ili ndi poimira pake. Galu akamauwa osaleka, kulumphira anthu, mwini wake n'kulephera kumuletsa, kapena akadziipitsira mkati, manijala angapemphe kuti atuluke. Wotuluka ndi galu. Munthuyo apatsidwe mwayi womaliza kugula, wantchito mmodzi akumuperekeza. Kasitomala wina akanena kuti amaopa agalu, kapena chipembedzo chake sichimulola kukhudzana nawo, njira ndi kupereka mpata: wina adzere uku, wina uko, alipire pa makina osiyana. Sitolo yaikulu siichepa ndi galu mmodzi.

Vuto lalikulu komabe silikhala pakhomo. Limakhala mkati, ndipo amalibweretsa ndi anthu a mtima wabwino. Wina amuimbira likhweru. Mwana amusisita mutu. Wina amuponyera fupa la nkhuku yake ya masana. Galu akangocheuka, mwini wake wagunda mulu wa mabotolo a mafuta ophikira kapena waphonya sitepe. Galu wovala lamba ali pantchito: osamuitana, osamugwira, osamudyetsa. Lankhulani ndi munthuyo. Mukafuna kuthandiza, yambani mwadzitchula: "Bambo, ndine wantchito wa muno, ndikuthandizeni?" Akavomera, yendani kudzanja lake lamanja, chifukwa galu amakhala kumanzere, ndipo chogwirira chija musachikhudze. Ena amafuna muziyenda patsogolo galu azikutsatirani, ena amasiya chogwirira n'kugwira chigongono chanu. Afunseni. Mawu akuti "uko" kapena "apo" alibe ntchito kwa wosaona. Nenani kuti shuga ali kumanja, shelefu yachiwiri kuchokera pansi, n'kuwawerengera mtengo ndi kulemera kwa paketi. Polipira, tchenji chiperekedwe m'manja mwawo, pepala lililonse likutchulidwa: iyi ndi K2,000, iyi K500.

Kumene alonda amakhala ndi agalu a kampani yachitetezo, wogwira galuyo amusunthire kutali mlendoyo asanafike pakhomo. Galu wotsogolera amene walumidwa kamodzi akhoza kugwidwa mantha osathanso kugwira ntchito, ndipo kupeza wina si nkhani ya mawa.

Mwini galu nayenso ali ndi zake zochita, makamaka mumzinda umene anthu sanazolowere. Khadi la katemera wa chiwewe lizikhala m'thumba. Ngakhale palibe amene waliitanitsa, limathetsa mkangano msanga. Mu Lilongwe katemera ndi mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri amapezeka kwa madokotala a ziweto, kuphatikizapo ku bungwe losamalira nyama la LSPCA. Wobwera ndi galu kuchokera kunja amafunika chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto asananyamuke. Galu adzithandize kaye asanalowe m'sitolo. M'mwezi wa Okutobala phula la poimika magalimoto limawotcha mapazi a galu. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi kwa masekondi 5, ndipo mukalephera kupirira, galunso sangapondepo. Pitani kukagula m'mawa, botolo la madzi lili m'chikwama.

Mukabwezedwa pakhomo, musalimbane ndi mlonda, chifukwa iye akungoteteza ntchito yake ndipo alibe mphamvu yosintha lamulo la sitolo. Pemphani kuonana ndi manijala. Zikakanikabe, sungani tsiku, nthawi, dzina la amene wakubwezani ndi nambala ya foni ya mboni mmodzi. Dandaulo lolembedwa lingapite ku Malawi Human Rights Commission kapena ku MACODA, ndipo mabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA ndi Malawi Union of the Blind angakuthandizeni kulitsatira. Kalata ina ipite kulikulu la sitoloyo, ndipo muipemphe kuti yankho lake lifikenso kukampani imene imalemba alondawo, poti alonda ambiri a m'masitolo si antchito a sitolo ndipo amasinthidwasinthidwa.