Madzi akamaphwa samalani ndi kolera: uthenga kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Abale anga a kuno kuchigwa, kuyambira pa Thabwa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, ndi inu a tsidya lija la East Bank ku Makhanga ndi ku Fatima, uthengawu ndi wanu. Tonse timadziwa kuti madzi amene amatipeza kuno nthawi zambiri si a mvula yathu. Dzuwa limatha kumaswa mtengo pa Bangula koma ku Mulanje ndi ku Thyolo mvula ikukhuthuka, Ruo n'kudzaza, kukakumana ndi Shire pa Chiromo paja, basi madzi n'kulowa m'midzi usiku anthu ali m'tulo. Tinaziona mu Januwale 2015, tinazionanso ndi namondwe Idai mu 2019, kenako namondwe Ana mu Januwale 2022 yemwe anaononga malo opangira magetsi a Kapichira magetsi n'kumavuta dziko lonse, ndiye namondwe Freddy mu Malichi 2023 yemwe anapha anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa oposa 600,000 kuchigawo cha kummwera kuno.

Zothawa madzi ndingonena mwachidule poti mumazidziwa kuposa ine. A zanyengo akachenjeza pa wayilesi, kapena a komiti ya zangozi ya m'mudzi akayamba kuimba wezulo, nyamukani kukadali kowala mupite kumtunda, musadikire kuti muone kaye ngati madzi afike pakhonde. Musaoloke madzi othamanga ngakhale akuoneka olekeza m'maondo, pansi pake simukupaona, komanso ng'ona ndi njoka zimayenda ndi madzi omwewo. Boma likalengeza kuti kwagwa ngozi monga linachitira pa 13 Malichi 2023, a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, asilikali a MDF ndi maboti awo, apolisi, a Red Cross ndi akhonsolo amabwera ndithu, koma msewu wa M1 ukaduka kapena mlatho ukapita thandizo limatenga masiku kuti lifike pamene inu muli. Masiku oyamba amenewo ndi omwe ndikufuna tikambirane, chifukwa ndi pomwe matenda amalowera.

Madzi osefukira akamadutsa m'mudzi amagumula zimbudzi, amakokolola ndowe za m'makola ndi ziweto zakufa, zonsezo n'kukazithira m'zitsime, m'madambo ngakhalenso m'mijigo imene inamira. Ndiye patapita masiku madzi aja akadikha amaoneka oyera bwinobwino, munthu n'kumati aa awa ndi abwino awa, ndipo mjigo uwu takhala tikumwa zaka zonsezi. Tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso, sitinunkha, sitisintha kakomedwe ka madzi. Kumbukirani kuti kolera wamkulu uja anayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, patangopita nthawi yochepa chidutsireni namondwe Ana, anafalikira maboma onse, anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndipo oposa 1,700 anamwalira. M'mbiri ya Malawi sikunakhalepo kolera woopsa ngati ameneyo, ndipo ambiri mwa omwe tinawaika m'manda akanachira akanafika msanga kuchipatala. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ndiye pa nkhani ya madzi akumwa chonde tisanyengererane. Madzi aliwonse, a pamjigo, a pachitsime, a mumtsinje, ngakhale amene abwera pa bauza, thiranimo mankhwala. Ngati muli ndi WaterGuard, kachitsekero kamodzi mu ndowa ya malita 20, takasani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope asefeni kaye ndi kansalu koyera kapena muwasiye adikhe, mutsanulire mu ndowa ina ndiye muthire tizitsekero tiwiri. Klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo, ma HSA athu aja, thirani muyezo womwe akuuzani, musachepetse ati pofuna kuti akhalitse. Ndikudziwa ena mumadana ndi fungo lake, ena amati amachepetsa mphamvu za abambo m'nyumba, ilo ndi bodza lenileni, klorini ndi yemweyo amathira m'madzi a m'mipope m'tauni ndipo anthu akuberekana tsiku ndi tsiku. Mankhwala akasowa wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, nkhuni zimavuta nthawi imeneyi inde, koma bola a akumwa okhawo. Sungani mu chigubu kapena ndowa yovindikira, ndipo kapu yotungira ikhale yosiyana ndi yomwera, ana asamapisemo manja.

Kukampu, kaya ndi pasukulu kaya patchalitchi, anthu mazanamazana amadalira zimbudzi zochepa ndipo usiku ambiri amangopita kuseri kwa kalasi. Apa ndi pamene mliri umayambira. Chimbudzi chikadzaza uzani a komiti ya pakampu akumbe china, kutali ndi potunga madzi, mamita osachepera 30 komanso chakumunsi kwake. Pamene palibiretu chimbudzi kumbani kadzenje ndi khasu mukwirire mukatha. Amayi, chimbudzi cha mwana wakhanda nachonso chimafalitsa matenda chimodzimodzi cha wamkulu, matewera musachapire pamjigo. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukamusintha mwana, musanaphike ndi musanadye, sopo akatha phulusa lilipo. Mpondagiya, chosambira m'manja choponda ndi phazi chija, savuta kupanga, kachigubu, chingwe ndi timitengo basi. Ndipo kusambira m'beseni limodzi banja lonse tisanadye nsima kuja tisiye kaye, tizithirirana.

Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, chogona chitenthetsedwenso mpaka chituluke nthunzi. Nsomba zimachuluka madzi akasefukira, milamba ndi makakana, palibe choletsa kudya bola zipse mokwanira. Thobwa, mafirizesi ndi zipatso zosendasenda zogulitsa m'mbali mwa msewu pewani, simukudziwa madzi amene anagwiritsa ntchito. Mbuzi kapena ng'ombe yofa yokha ndi madzi ikwiriridwe, isagawidwe.

Tsopano kumuzindikira kolera. Munthu amayamba kutsegula m'mimba mwadzidzidzi, zamadzi zokhazokha zooneka ngati madzi otsukira mpunga, kambirimbiri, nthawi zambiri m'mimba osapota n'komwe ndipo thupi osatentha, n'chifukwa chake ena amazitenga mopepuka. Ena amasanza, miyendo kukokana, ludzu losatha, maso kulowa m'kati, mkodzo kusiya kubwera, khungu ukalitsina osabwerera msanga. Mwana wakhanda liwombo limalowa ndipo amalira popanda misozi. Zizindikiro zimatha kuyamba patangopita maola 12 kapena mpaka masiku 5 munthu atamwa kapena kudya zoipa. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo bambo wamphamvu amene mamawa amapalasa bwato akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe.

Mukangoona zimenezi yambani Thanzi ORS pompopompo. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, lita ndi mabotolo awiri a 500ml aja. Thanzi akasowa pangani wanu: lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, musaonjezere mchere poganiza kuti agwira ntchito msanga, kwa mwana mchere wambiri ndi woopsa. Wodwala azimwa pang'onopang'ono koma osalekeza, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Wotsala akatha maola 24 tayani musungunule wina. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, musamuchotse kubere.

Koma Thanziyo ndi wa panjira, kuchipatala mupite ndithu, usiku womwewo, pa njinga, pa ngolo, pa bwato, mulimonse, uku mukumumwetsa. Musayambe mwapita kogula mapilitsi oletsa kutsegula m'mimba kugolosale kapena kofufuza amene wamulodza, kupemphera pempherani muli m'njira. Chithandizo cha kolera m'zipatala za boma ndi chaulere, ofooka kwambiri amawaika dripu ndipo ambiri amadzuka, ana amapatsidwanso zinki woti amwe masiku 10 mpaka 14, amalize onse ngakhale aoneke kuti achira. Ngati muli kampu yoti madzi akuzungulirani dziwitsani HSA kapena a komiti nthawi yomweyo, munthu mmodzi yekha wotsegula m'mimba motere ndi nkhani yoti azaumoyo aidziwe tsiku lomwelo. Zovala ndi mphasa za wodwala zichapidwe ndi klorini kutali ndi mjigo. Katemera wa kolera akabwera, wakumwa uja, landirani nonse, koma madzi muzithirabe mankhwala.

Nkhani ya maliro ndi yovuta ndipo ndikuilemba mwaulemu, mafumu athu ndi akuluakulu a mipingo mutithandize apa. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala likadali ndi tizilombo tambiri. Kusambitsa ndi kukonza thupi asiyireni azaumoyo, maliro aikidwe msanga, ndipo pasiwa pasaphikidwe chakudya cha gulu. Zimapweteka kusamutsanzika mayi ako monga mwa mwambo wathu, ndikudziwa, koma takhala tikuona nyumba imodzi ikutulutsa maliro awiri atatu motsatizana chifukwa cha zomwezi.

Pomwe mvula isanafike pachimake konzeranitu kajumbo kapulasitiki komanga bwino. Muikemo mabuku a kuchipatala a banja lonse, ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga ndi a khunyu kwa amene amamwa, mapaketi angapo a Thanzi, botolo la WaterGuard, sopo ndi tochi. Neti isatsale, madzi akadikha m'zithaphwi udzudzu umaswana ndipo malungo amabuka pakangopita masabata ochepa, mwana akatentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo. Ana asamasewere m'madzi odikhawo, likodzo limalowera pakhungu. Amayi oyembekezera amene mwezi wanu wayandikira pitani kuchidikiro misewu isanaduke, ndipo amene mankhwala anu apita ndi madzi musachite manyazi, uzani wazaumoyo aliyense amene wafika pakampu akuthandizeni kupeza ena musanadumphitse masiku.