Kuzungulira Iceland pa galimoto: yambani mwafunsa za mphepo

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine kuti tikonze ulendo wa ku Iceland amakhala atayeza kale mtunda pa mapu a mu foni. Amati, "Msewu wonse ndi makilomita 1,300 ndi pang'ono, masiku anayi tikhala titazungulira." Ndimawapempha kuti aike kaye foniyo pansi, tikambirane za mphepo.

Msewu akunenawo ndi Route 1, umene eni dziko amautcha Hringvegur. Umazungulira chilumba chonse motsata gombe m'madera ambiri, ndipo mbali zake zinalumikizana mu 1974 atamanga mlatho pa mtsinje wa Skeiðará kum'mwera. Ambiri a ife dzina la Iceland tinalimva chifukwa cha ntchito za chitukuko zimene dzikolo limathandiza ku Mangochi, ndipo sitidziwa kuti kukula kwake n'kocheperako pang'ono poyerekeza ndi Malawi, pamene anthu ake ndi pafupifupi 400,000 okha. Ochuluka mwa iwo ali ku Reykjavík, likulu la dzikolo, ndi m'matauni oyandikana nawo. Mukangotuluka m'derali, mutha kuyenda mtunda wautali osaona nyumba, sitolo, kapena munthu woti mumufunse njira.

Ine sindilola ulendo wozungulira dzikoli kuchepera masiku asanu ndi awiri, ndipo mtima wanga umakhala pansi akakhala khumi. Mwa masikuwo, limodzi kapena awiri azikhala opanda pulogalamu iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti msewu umatsekedwa. Kum'mwera, pakati pa matauni a Vík ndi Höfn, dzanja limodzi kuli nyanja, dzanja lina kuli mapiri a madzi oundana a Vatnajökull, ndipo msewu wodutsa pakatipo ndi umodzi womwewo. Mphepo ikakula m'dera la Öræfi, a misewu amatseka, inu n'kukhala pomwe muli mpaka mphepo italeka. Munthu amene analipiriratu malo ogona asanu ndi awiri mondondozana, osasiya mpata, ndi amene amakakamira kuyendetsa pa tsiku loyenera kukhala m'nyumba. Ngozi zambiri za alendo zimayambira pamenepo.

Mphepo ya kumeneko muyenera kuidziwa m'manambala. Tsamba la azanyengo la vedur.is limaiyeza m'mamita pa sekondi imodzi, ndipo mlendo akaona 20 amayesa ndi kamphepo kayaziyazi. Nambala imeneyo ndi makilomita 72 pa ola. Chenjezo limabwera m'mitundu itatu: lachikasu, laolenji ndi lofiira. Likakhala lachikasu, amene muli pa galimoto yaitali yogonamo ganizani kawiri. Likafika laolenji, tsikulo si loyenda. Momwe msewu ulili mumaona pa umferdin.is. Masamba awiriwa muziwatsegula m'mawa uliwonse tiyi asanazizire, ndiponso masana, chifukwa nyengo ya kumeneko sichedwa kutembenuka.

Banja lina limene ndinalikonzera ulendo linaima pa malo oonera mathithi, galimoto itafulatira mphepo. Mayi atangotsegula chitseko, mphepo inawalanda m'manja n'kuchikankhira kutsogolo mpaka mahinjesi kupindika. Chitsekocho sichinatsekekenso bwino, ndipo ndalama yokonzetsera inatuluka m'thumba mwawo, pakuti inshuwalansi wamba nthawi zambiri salipira zimenezi. Poimika galimoto, mphuno yake iyang'ane kumene mphepo ikuchokera. Chitseko chigwireni ndi manja awiri, ndipo anthu azituluka mmodzimmodzi.

Pa inshuwalansi pomwepo, pali ziwiri zimene ndimaumirira. Yoyamba ndi ya timiyala tothothoka m'matayala a galimoto zina, timene timaswa galasi lakutsogolo. Yachiwiri ndi ya mchenga ndi phulusa. M'zigwa za mchenga wakuda monga Mýrdalssandur ndi Skeiðarársandur, mphepo imanyamula mchengawo n'kupala penti ya galimoto. Ndalama yake imaoneka yowawa pa kauntala, koma ndi yochepa poyerekeza ndi kupentetsa galimoto yonse pa mitengo ya ku Iceland.

Tsopano nkhani imene imatikhudza ife ozolowera kumanzere, kaya tinaphunzirira ku Lilongwe, ku Chipata, ku Johannesburg kapena ku Manchester. Ku Iceland amayendetsa kumanja. Anasintha mu 1968. Mu tauni simusochera, chifukwa mumangotsatira anzanu. Poopsa ndi pa msewu wopanda galimoto ina, mukamachoka pamalo pamene munaima kujambula zithunzi: manja amabwerera okha ku chizolowezi, ndipo mumapezeka muli kumanzere osazindikira. Wokhala pambali panu apatsidwe ntchito yonena mokweza kuti "kumanja" nthawi iliyonse mukamalowa mumsewu. Ngati thumba likulola, tengani galimoto ya otomatiki kuti mutu usagawikane ndi magiya. Pa raundabauti ya mizere iwiri, wa mzere wam'kati ndiye ali ndi ufulu wotuluka, ndipo wakunja amamudikira. Lamulo limeneli limadabwitsa ngakhale madalaivala a ku Ulaya. Nyali zakutsogolo zimayaka usana ndi usiku, chaka chonse. Liwiro lisapitirire makilomita 90 pa ola pa tala, 80 pa msewu wa miyala, 50 mu tauni.

Mawu awiri a chiyankhulo chawo muwaloweze. Chikwangwani cholembedwa Einbreið brú chikutanthauza mlatho wodutsa galimoto imodzi. Milatho yotere ilipo ingapo kum'mwera ndi kum'mawa, ndipo amene wayandikira kwambiri ndiye amayamba kuoloka. Malbik endar ndiye kuti tala watha, kutsogolo ndi miyala. Chepetsani liwiro matayala asanakhudze miyalayo, chifukwa kuponda buleki muli kale pamiyala n'kumene kumagubuduza galimoto. M'chilimwe nkhosa zimayenda momasuka mpaka kuzisonkhanitsa mu Seputembala. Mukaona nkhosa yaikazi mbali ino ndi kamwana kake mbali inayo, dziwani kuti kamwanako kathamangira kwa make galimoto itafika kale pafupi.

Mapu a mu foni amakonda kusonyeza njira yachidule kum'mawa, yodzera pa phiri la Öxi, msewu wa 939, popita ku tauni ya Egilsstaðir. Ndi wa miyala, wotsetsereka, ndipo chifunga chimakonda kukhala pamwamba pake. Khalani pa Route 1, muzungulire m'mbali mwa nyanja. Misewu yoyamba ndi chilembo F ndi ya kumapiri a pakati pa dziko. Imatsegulidwa m'chilimwe mokha, imafuna 4x4, ndipo ina imadutsa m'mitsinje yopanda milatho. Injini ikamwa madzi, inshuwalansi nthawi zambiri simakhalapo. Kutuluka mumsewu n'kuyendetsa pa thengo n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo ine lamuloli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse: ndere zobiriwira zimene zinakuta miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi angapo kuti zimerenso pamene tayala lapondapo kamodzi.

Kwa woyamba kupita, nyengo yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti. Mu Juni mdima sugwa kwenikweni, choncho muziyang'ana wotchi, thupi lisakunamizeni kuti kudakali masana pamene mwayendetsa maola khumi. Mu Disembala kumawala maola anayi kapena asanu okha. Munthu amene sanayendetsepo pa msewu woundana asayambire kuzungulira dziko lonse m'nyengo imeneyo. Akhale ku Reykjavík, aziyenda maulendo aafupi ndi madalaivala a konko.

Zotsalazi n'zazifupi. Iceland ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndiye za viza muyambe msanga. Mapampu ambiri a mafuta alibe munthu ndipo amafuna khadi la kubanki lokhala ndi PIN. Thanki ikafika theka, thirani. Msewu wodutsa pansi pa phiri la Vaðlaheiði, pafupi ndi tauni ya Akureyri, ndi wolipira, ndipo mumalipira pa intaneti chifukwa palibe geti. Galimoto yogonamo imagona pa malo ovomerezeka okha. Chakudya cha m'malesitilanti n'chodula, choncho gulani zophika m'masitolo monga Bónus. Madzi ozizira a pampopi ndi abwino kumwa.

Pa gombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, pafupi ndi Vík, ndimapempha aliyense kuti andimvere. Nyanja imaoneka ngati ili patali, mafunde angapo amabwera aang'ono, kenako limodzi limakwera mtunda kupitirira onse n'kukokolola munthu. Alendo afapo pamenepo. Musafulatire nyanja pojambula, ndipo ana muwagwire padzanja. Nambala ya pangozi ndi 112. Amene amabwera kudzapulumutsa anthu ndi a ICE-SAR, anthu ongodzipereka amene amasiya ntchito zawo ndi mabanja awo foni ikalira. Musananyamuke, lembani dongosolo la ulendo wanu pa safetravel.is kuti adziwe koyambira kukufunani.